Yehova, Yahve, Chauta: aweruze ndani?

Tsegulani Masalmo m'Mabaibulo atatu a Chichewa, mupeza Mulungu mmodzi ali ndi maina atatu. Buku Lopatulika la mu 1922, lija anatsogolera William Murray wa ku Nkhoma, limati Yehova. Malembo Oyera a Akatolika, thukuta la Bambo Louis Villy mu 1966, amati Yahve. Buku Loyera la mu 1998 linabwera ndi Chauta. Anthu akakangana za mainawa, nkhani imathera pa "ife tinazolowera lakuti", poti ambiri sanalionepo dzinalo m'Chiheberi.

M'Chiheberimo muli zilembo zinayi basi: YHWH. Ayuda poopa kulitchula ankati Adonai, kutanthauza Ambuye. Alembi awo anadonthezera mavawelo a Adonai pa zilembo zinayizo kuti wowerenga asaiwale. Akhristu a ku Ulaya anadzawerenga zonse pamodzi, n'kubala Yehova. Lokoma kuimba, inde, koma Mose sanalimvepo. Yahve ndi kuyerekeza kwa akatswiri, ndipo mu 2008 a ku Vatican analamula kuti lisamatchulidwe pa Misa.

Ine ndili kwa Chauta. Ena amati dzinali likununkha nsembe za mvula za kwa Makewana ku Msinja. Nanga cholakwika n'chiyani? Ambiri amati Chauta ndi mwini uta waukulu uja wa kumwamba. Tsono mu Genesis 9, chizindikiro cha pangano la Mulungu ndi Nowa chikutchedwa qeshet, liwu limodzi lotanthauza uta wa mlenje komanso utawaleza. Wankhondo wakoleka uta wake m'mitambo, mkwiyo watha. Mchewa safuna womumasulira pamenepa.

Komabe Chauta ali ndi pake poterera. Mu Eksodo 3 dzina la YHWH likumveka ngati mneni wa Chiheberi wotanthauza kukhalapo, ndipo mphamvu ya nkhani ya chitsamba choyaka moto yagona pa kufanana kumeneku. Uta sunganyamule zimenezo. Wansembe wodziwa Chiheberi angathe kubwezera akhristu chotayikacho pa ulaliki. Wosadziwa sazindikira n'komwe kuti china chagwa m'njira.

Mu 1943 Papa Pius XII, m'kalata ya Divino Afflante Spiritu, anauza akatswiri a Baibulo kuti abwerere ku zinenero zimene Malembo analembedwamo. Koma mu 1965 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, pokamba za maphunziro a ansembe, unati Chilatini achidziwe ndithu, pomwe Chiheberi ndi Chigiriki unangoti zilimbikitsidwe kwambiri. Kulimbikitsa, abale, timakudziwa: kukhoza kuthera pa kuloweza alefi, beti, gimeli, mayeso akatha n'kuiwala.

Mnyamata wa ku seminale ya Kachebere kapena St Peter's ku Zomba ali ndi mwayi umene Villy analibe: Chichewa anayamwira. Akangomva Baibulo kudzera m'Chingelezi, adzakhala ngati mkamwini womva mlandu wa m'mudzi kwa mlendo wodutsa. Tsiku lokonzanso Buku Loyera likadzafika, funso la Chauta lidzabukanso, ndipo pa tebulopo padzafunika Mmalawi wotha kuika chala pa qeshet.