Ulemu kwa amayi ofutsa ndiwo

Mvula ikamapita kumapeto, cha m'Malichi ndi Epulo, nkhwani, khwanya, chitambe ndi chisoso zimachuluka mpaka kusowa ozidya. Apa m'pamene pamaonekera nzeru za amayi odziwa kufutsa. Masamba otsala sawalola kufotera pansi. Amawasadzula bwinobwino, amawafwafwaza pang'ono m'madzi otentha, kenako n'kuwayanika pamphasa.

Luso lonse lagona pa kudziwa nthawi. Akapsetsa, mfutso umataya kukoma. Akaanula msanga, umachita nkhungu. Mayi waluso amangotapa pang'ono n'kufinya m'dzanja. Akamva masamba akuphwanyika, wadziwa kuti auma. Ndiye amawakulunga m'masamba a msuku, n'kumanga ndi luzi mwaudongo, chikwatu n'kuchipachika kutsindwi kumene utsi wa m'khitchini umapirikitsa tizilombo.

Ikafika Okutobala, kunja kutauma gwa, ndiwo zitakwera mtengo pamsika, chikwatu chimamasulidwa. Mfutso wotendera ukamabwata, fungo lake limaitana ana kuchokera kosewera. Popanda luso limeneli, mabanja ambiri akanamagona ndi njala ya ndiwo ufa uli m'nyumba.

Achinyamata, chaka chino khalani pafupi ndi agogo anu muphunzire kumanga chikwatu.