NJOVU YA KALAKI: NTHANO KAPENA CHIPONGWE?

Kwathu ku Jenala agogo akamasimba nthano ya Njovu ndi Kalulu, ife tinkadziwa kuti Njovuyo ndi yani m'mudzimo, koma palibe ankatchula dzina. Mwini wakeyo ankatha kukhala pomwepo, n'kumaseka nafe limodzi. Ndi khutu lomwelo ndawerengera nkhani ya Roy Clarke yotchedwa "Mfuwe", ndipo ndikuti anzanga ambiri muno amaitama mopitirira.

Clarke ndi Mngelezi amene adakhazikika ku Zambia, nakwatira Sara Longwe, womenyera ufulu wa amayi. Ankalemba zoseketsa m'nyuzipepala ya The Post ku Lusaka, ndipo ankadzitcha Kalaki, monga lilime la kuno limapindira dzina lakelo. Pa 1 Januwale 2004 adatulutsa "Mfuwe". M'menemo njovu yotchedwa Muwelewele ikupereka uthenga wa Khirisimasi kwa nyama za ku Mfuwe, m'chigwa cha Luangwa. Aliyense adaona kuti njovuyo ndi Pulezidenti Levy Mwanawasa, ndipo nyama zinazo ndi akuluakulu a boma lake. Pasanathe sabata, nduna ya za m'dziko, Ronnie Shikapwasha, idalamula kuti Clarke achoke m'dzikomo pasanathe maola 24, munthu amene adakhalamo zaka zoposa 40. Iye adabisala. Mu Epulo, woweruza Philip Musonda adafafaniza lamulolo, ndipo mu 2008 khoti lalikulu kwambiri lidavomereza kuti chilangocho chidaposa mlandu.

Pa mlanduwo ndilibe mawu: boma loopa njovu ya papepala ladziulula lokha. Vuto langa lili ndi nkhani yeniyeniyo.

Kalaki adabwereka nyama za m'nthano zathu koma adasiya ulemu wake wa nthano, umene suli mantha ayi, koma luso. Njovu ya agogo imagwa chifukwa cha zochita zake: umbombo, kudzikuza, kupondereza tinyama pa chitsime. Njovu ya Kalaki imayamba kusekedwa isanachite kanthu. Tikuseka mayendedwe ake, mimba yake, zovala zake zosamanga bwino. Tsono kumbukirani kuti Mwanawasa adavulala kwambiri pa ngozi ya galimoto mu 1991, ndipo adani ake ankamunyoza kale ndi dzina la kabichi. Kuseka thupi la munthu wotere n'kungolowa m'gulu la oseka kale, sikufuna nzeru. Ndipo dzina loti Muwelewele latimalizira ntchito: wolemba watiuziratu kuti uyu n'chitsiru, ife owerenga tatsala ndi chiyani choti titulukire?

Ena mudzati kubisa mawu ndi matenda athu a nthawi ya Kamuzu. Mwina. Jack Mapanje adavala khungu la nanzikambe m'ndakatulo zake, koma adamutsekerabe ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Kubisa sikudamupulumutse, ndikuvomera. Komatu ndakatulo zija tikuziwerengabe, pamene "Mfuwe" timaikumbukira chifukwa cha Shikapwasha. Nduna ija ikadangokhala chete, ndani muno akadaidziwa?

Sindikuti Kalaki adalibe mphatso. Kulemba zoseketsa sabata ndi sabata kwa zaka zambiri, uli ndi akuluakulu okuyang'ana ndi diso lofiira, si masewera, ndipo maganizo oika nduna zonse m'nkhalango ya alendo oona nyama ngoluma ndithu: dziko lasanduka malo osungirako nyama, olamula ali pa tchuthi. Apo pokha adalasa.

Chinanso chimandiwawa. Nkhaniyo ili m'Chingelezi. Anthu a ku Mfuwe amene njovu zenizeni zimawadyera chimanga, amene akadaimva bwino kuposa wina aliyense, ambiri a iwo sadali m'gulu la oseka. Patchuthi chapitachi ndidayesa kuwamasulira agogo. Adamvetsera mpaka pothera, kenaka adandifunsa kuti njovuyo idalakwa chiyani.