Maso a Thoreau pa Dziwe la Walden

Pa 4 Julayi 1845, Henry David Thoreau anasamukira m'kanyumba kamene anadzimangira m'mbali mwa dziwe la Walden, kufupi ndi tauni ya Concord ku America, pamalo a mnzake Ralph Waldo Emerson. Anakhalako zaka ziwiri ndi miyezi iwiri, akulima nyemba, kuwedza, kuyendayenda m'nkhalango ndi kulemba. Buku lake, Walden, mpaka lero limakopa alembi kuti anyamule tenti ndi kope n'kukabindikira kuthengo, poganiza kuti chinsinsi chake chinali bata. Koma ukaliwerenga mofatsa, umapeza kuti mphamvu yake yagona pa zinthu ziwiri: kapenyedwe ndi kasanjidwe.

Anthu a ku Concord ankati dziwelo lilibe pothera pansi. Mlembi wokonda kukometsa nkhani akanangoilandira mphekeserayo ndi manja awiri. Thoreau ayi. Kumayambiriro kwa 1846, madzi ataundana pamwamba chifukwa cha chisanu, anaboola m'malo oposa 100 n'kumatsitsa chingwe chomangirira mwala. Anapeza kuti pakuya kwambiri ndi mamita 31, ndipo malowo ali pomwe mzere wa m'litali mwa dziwe umadutsana ndi wa m'lifupi. Atatha kuyeza m'pamene anayamba kusinkhasinkha za kuya kwa mtima wa munthu. Lingaliro lalikulu linabwera pambuyo, chingwe chitanyowa kale, n'chifukwa chake owerenga amalikhulupirira.

Chimodzimodzinso ndi nkhondo ya nyerere zofiira ndi zakuda imene anaiona pamulu wa nkhuni. Sanangoiona n'kupitirira. Anatola kachibanthu pomwe nyerere zitatu zinkalumana, n'kulowa nako m'nyumba, kukavindikira ndi tambula pazenera, kenaka n'kumasuzumira ndi galasi lokuza zinthu. Amatiuza kuti mwendo wathothoka ndi wa nyerere iti, mutu wadulidwa ndi wa iti. Akayamba kuziyerekeza ndi ankhondo otchuka a m'mbiri, nthabwalayo imatera bwino chifukwa nyererezo taziona kale ndi maso athu.

Kasanjidwe nako n'kochenjera. Zaka ziwiri zija anazipinda kukhala chaka chimodzi, kuyambira nyengo yotentha mpaka nthawi imene madzi oundana amasungunuka ndipo zomera zimaphukiranso. Ntchito yotere siitheka uli m'tchire momwemo. Anachoka ku Walden mu Seputembala 1847, koma bukulo linasindikizidwa mu 1854, atalilemba mobwereza kangapo pogwiritsa ntchito makope ake a tsiku ndi tsiku. Buku lina limene analilemba ali kudziwe komweko, A Week on the Concord and Merrimack Rivers, linatuluka mu 1849 ndipo silinayende malonda: mwa makope 1,000, okwana 706 anamubwezera. Fodya wabwino ndi wofungatira, osati wongothyola kumene.

Komabe buku la Walden lili ndi zofooka zake. Mutu woyamba ndi wautali, ndipo Thoreau amalalikira mpaka kutopetsa, kudzudzula alimi anzake ngati kuti onse asochera kupatula iye. Munthu wopanda mkazi, wopanda ana, wokhala pamalo obwereka, savutika kunyoza amene akulimbana ndi ngongole. Ngakhale kudzipatula kwake sikunali kotheratu: njanji ya sitima inkadutsa m'mbali mwa dziwelo, ndipo iye mwini amavomereza kuti ankapita kutauni pafupipafupi kukamva nkhani. Akayamba kulangiza, cholembera chake chimalemera. Akabwerera kwa mbalame ndi nyerere, chimapepukanso.

Kapenyedwe kake kanali kolondola moti asayansi, monga Richard Primack wa ku Boston University, agwiritsa ntchito masiku amene Thoreau ankalemba kuti maluwa akutiakuti amasula, n'kupeza kuti masiku ano ambiri akumasula msanga chifukwa cha kutentha kwa dziko.

Tsono amene akukwera phiri la Zomba kapena Mulanje ndi kope m'chikwama adziwe chimene akukafuna. Kulemba kuti mbalame zinkaimba mokoma sikufuna tenti. Aliyense angalembe zimenezo ali pakhonde. Owerenga akufuna kudziwa ngati inali pumbwa kapena njiwa, inatera pamtengo wanji, nthawi yanji, ndipo inatani itamuona munthu. Zikalembedwa zimenezo, ntchito yotsala ndi yakunyumba, patebulo, kufufuta ndi kulembanso.