Chithunzi Chokha Si Mboni

Padziko lino pali anthu amene adadzipereka kufunafuna nyama zimene mbiri yake imamveka koma akatswiri a sayansi sadavomereze kuti zilipodi. Ntchito imeneyi pa Chingerezi amaitcha cryptozoology, ndipo amene adaitchukitsa ndi Bernard Heuvelmans, katswiri wa zinyama wokulira ku Belgium, yemwe adalemba buku lonena za nyama zotere m'chaka cha 1955. Mwa nyama zimene anthuwa amasaka, zotchuka kwambiri ndi zitatu: chilombo cha m'nyanja ya Loch Ness ku Scotland, chinyani choyenda choimirira cha m'nkhalango za ku North America chotchedwa Bigfoot, ndi Yeti wa m'mapiri a Himalaya.

Masiku ano alenje a nyama zobisikawa ali ndi dandaulo. Iwo akuti makina a nzeru zochita kupanga, amene ambiri akungowatcha AI, awawonongera ntchito. Kuyambira m'chaka cha 2022, pamene mapulogalamu monga Midjourney, DALL-E 2 ndi Stable Diffusion adafika m'manja mwa anthu wamba, aliyense angathe kulemba mawu ochepa pa kompyuta n'kulandira chithunzi cha chinthu chimene sichidakhaleko. Makinawa adaphunzitsidwa ndi zithunzi miyandamiyanda pamodzi ndi mawu ofotokoza zithunzizo, choncho amadziwa maonekedwe a ubweya, a mafunde ndi a nkhungu ya m'mawa. Ndiye alenjewo akufunsa kuti, kodi tsiku limene mmodzi wa ife adzajambule chilombo chenicheni adzamukhulupirira ndani?

Dandauloli ndi lomveka, ndipo mbali ina ndi loona monga tidzaonera. Komabe lili ndi chilema chachikulu. Likuyankhula ngati kuti makinawa asadabwere chithunzi chidali mboni yokhulupirika. Mbiri ya ntchito yawo yomwe ikutsutsa zimenezi.

Tiyeni tiyambe ndi chithunzi chotchuka kuposa zonse. Mu Disembala 1933 nyuzipepala ya Daily Mail ya ku London idatuma mlenje wina dzina lake Marmaduke Wetherell kuti akafufuze za chilombo cha ku Loch Ness. Sipadapite masiku ambiri, mkuluyu adalengeza kuti wapeza mapazi a chinyama chachikulu m'mphepete mwa nyanjayo. Akatswiri a ku Natural History Museum atapima zidindo za mapaziwo adapeza kuti onse adali a phazi limodzi lokha, ndiponso kuti phazilo lidali louma, la mvuu! Wetherell adasanduka choseketsa, ndipo adasunga mangawa.

Patangopita miyezi yochepa, mu Epulo 1934, nyuzipepala yomweyo idasindikiza chithunzi chooneka ngati khosi lalitali ndi kamutu kakang'ono zitatumphuka m'madzi. Adati wajambula ndi dokotala wolemekezeka wa ku London, Robert Kenneth Wilson. Poti dokotala ndi munthu wophunzira, anthu ambiri sadakayike. Chithunzicho chidalowa m'mabuku ndi m'magazini kwa zaka 60. Zoona zake zidadziwika m'chaka cha 1994, pamene zidaululika kuti Christian Spurling, mwana womupeza wa Wetherell, adavomera asadamwalire kuti chilombocho adachiumba yekha. Adatenga chidole cha sitima yoyenda pansi pa madzi n'kumatapo khosi ndi mutu. Dokotala uja adangobwereketsa dzina lake kuti bodzalo livale jekete. Apa mpamene akulu adati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Taonani kusiyana kwa mabodza awiriwa, ngakhale mwini wake adali mmodzi. Bodza la mapazi lidagwidwa m'masabata ochepa chifukwa padali chinthu chogwirika choti akatswiri apime. Bodza la chithunzi lidakhala zaka 60 chifukwa padalibe choti n'kupima koma mthunzi chabe. Chimodzimodzinso ndi nkhani ya Bigfoot. Kanema wosakwana mphindi imodzi amene Roger Patterson ndi Bob Gimlin adajambula ku Bluff Creek, m'chigawo cha California, m'chaka cha 1967, anthu akukanganabe za iye mpaka lero. Ena amati ndi chinyama, ena amati ndi munthu wovala chikopa, ndipo palibe mbali imene idagonja. Koma m'chaka cha 2008, anthu awiri a m'chigawo cha Georgia atanena kuti asunga mtembo wa Bigfoot m'firiji, mlandu udatha m'masiku owerengeka: madzi oundana atasungunuka padapezeka chovala cha mphira. M'chaka cha 2017 akatswiri adapima DNA ya zinthu 9 zimene anthu ankati ndi mafupa, mano, khungu ndi ubweya wa Yeti. Zinthu 8 zidapezeka kuti ndi za zimbalangondo, ndipo chimodzi chidali cha galu.

Tsono funso n'lakuti, kodi nyama zimene kale zidali mphekesera chabe koma lero zili m'mabuku a sayansi zidavomerezeka bwanji? Zitsanzo ziwiri za muno mu Africa zikuyankha bwino.

Choyamba ndi cha okapi, nyama ya m'nkhalango za ku Congo. Eni nthaka a kumeneko ankaidziwa kuyambira kalekale, koma Azungu ankangomva kuti m'nkhalangomo muli chinyama chonga bulu. Amene adathetsa mphekeserazo ndi Harry Johnston, yemwe uja adali bwanamkubwa woyamba wa dziko lathu lino pa nthawi ya atsamunda, asadapite kukagwira ntchito ku Uganda. M'chaka cha 1900 iye adapeza timalamba tiwiri ta chikopa chamizeremizere natumiza ku London. Akatswiri poona mizereyo adaganiza kuti ndi mtundu wina wa mbidzi. M'chaka cha 1901 kudafika chikopa chathunthu ndi zigaza ziwiri, ndipo zigazazo zidaonetsa kuti nyamayi ndi mbale wake wa kadyansonga. Phunziro lake ndi lalikulu. Akatswiri adalakwitsa poyamba, koma fupa lidawawongola. Chinthu chogwirika chimalola kuti wina abwere mawa, achipimenso, nakonze cholakwa cha mnzake.

Chachiwiri ndi cha nsomba yotchedwa coelacanth, imene akatswiri ankakhulupirira kuti idatha zaka pafupifupi 66 miliyoni zapitazo. Pa 22 Disembala 1938, mayi wina woyang'anira nyumba yosungiramo zachilengedwe ku East London, m'dziko la South Africa, dzina lake Marjorie Courtenay-Latimer, adaona nsomba yachilendo pakati pa nsomba zimene asodzi adakola. Adaijambula pamanja natumiza chojambulacho kwa katswiri wa nsomba J.L.B. Smith. Smith adadzidzimuka nacho chojambulacho, koma sadathamangire kulengeza. Adayamba wapima mamba ake, kenaka mu Febuluwale 1939 adapita kukaiona nsombayo ndi maso. Ngakhale zidatero adasakabe ina kwa zaka 14, mpaka idapezeka ku zilumba za Comoros m'chaka cha 1952. Apa tikuona malo oyenera a chithunzi. Ntchito yake ndi ya mthenga woitana akatswiri kuti bwerani mudzaone. Mthenga sagamula mlandu.

Poona zonsezi, cholakwa cha alenje ambiri a nyama zobisika chikuonekera poyera. Iwo adakweza mthenga uja n'kumukhazika pa mpando wa woweruza. Kwa zaka zambiri akhala akusonkhanitsa zithunzi zosaoneka bwino, zojambulidwa patali, kukuchita chisisira, kamera ikunjenjemera. Kusaoneka bwinoko ndiye kudali chitetezo chawo, pakuti chimene sichioneka bwino n'chovuta kuchitsutsa. Tsoka lake n'lakuti zithunzi zotere ndi zimene makina a AI savutika nazo mpang'ono pomwe. Poyamba makinawa ankagwidwa chifukwa cholakwitsa zala za anthu ndi zilembo, koma chithunzithunzi chakuda chakutali m'nkhungu chilibe zala zoti munthu awerenge. Kunena mosapsatira, makinawa sadagwetse nyumba yolimba. Adangokankha khoma limene chiswe chidadya kale.

Tisathamangire kuseka, pakuti mbali yoona ya dandaulo lija ndi yowawa ndipo ikukhudza tonse. Kale wopanga bodza ankafunika luso, zipangizo ndi anzake osunga chinsinsi, monga adachitira Wetherell, choncho mabodza adali owerengeka ndipo ofufuza ankatha kulondola limodzilimodzi. Lero mwana wa sukulu angathe kupanga zithunzi zambirimbiri madzulo amodzi. Mu Malichi 2023 anthu ochuluka padziko lonse adakhulupirira chithunzi cha Papa Francis atavala chijasi choyera chofufuma, chonsecho chidapangidwa ndi Midjourney. Mwezi wotsatira, wojambula wa ku Germany, Boris Eldagsen, adakana mphoto ya mpikisano wa Sony World Photography Awards naulula kuti chithunzi chake chopambanacho chidali cha makina. Ngati chithunzi cha munthu wodziwika ngati Papa chingapusitse khamu, nanga cha chinyama chimene palibe akudziwa maonekedwe ake?

Choopsa china ndi chobisika kuposa apa. Bodza likachuluka, choona nachonso chimayamba kukayikitsa. M'chaka cha 2024 wojambula wina, Miles Astray, adalowetsa dala chithunzi chenicheni cha mbalame ya flamingo m'gawo la zithunzi za AI pa mpikisano wa 1839 Awards. Chithunzicho chidapata mphoto, ndipo adamulanda ataulula yekha kuti chidali chenicheni. Ndiye kuti maso a anthu akulephera mbali zonse ziwiri: akuyesa bodza choona, akuyesanso choona bodza. Taganizirani za nyama yotchedwa thylacine ya ku chilumba cha Tasmania, imene yomaliza yodziwika idafera kumalo osungirako nyama ku Hobart m'chaka cha 1936. Anthu ena amanenabe kuti amaiona. Mlimi wa kumeneko atati aijambuledi mawa, chithunzi chake chikamira pakati pa zabodza zosawerengeka, ndipo akatswiri otopa ndi kunamizidwa sakadzukira ulendo. Wotaya pamenepo si mlenje wa zilombo yekha ayi, komanso onse oteteza nyama zimene zatsala pang'ono kutha.

Nanga mankhwala ake n'chiyani? Sikulira kapena kutemberera makina, koma kubwerera ku njira imene idatipatsa okapi ndi coelacanth. Poyamba, wofufuza afunefune chogwirika: fupa, ubweya, ndowe, ngakhale madzi amene nyamayo idasambiramo. M'chaka cha 2018 gulu lotsogozedwa ndi Neil Gemmell wa ku yunivesite ya Otago ku New Zealand lidatunga madzi m'malo osiyanasiyana a Loch Ness n'kupima DNA imene zamoyo zimasiya m'madzi. Zotsatira zidatuluka m'chaka cha 2019. Sadapeze chizindikiro chilichonse cha chokwawa chachikulu, koma adapeza DNA yochuluka ya nsomba zonga njoka za mtundu wa mkunga. Yankholi silidakondweretse okonda chilombo, koma ndi yankho limene wina angathe kukalibwereza.

Chachiwiri, chithunzi chiziyenda ndi mbiri yake: wajambula ndani, kuti, liti, ndi kamera iti, ndipo ndani wina angapite pamalopo kukatsimikiza. M'chaka cha 2023 gulu la ofufuza lidatchera makamera m'mapiri a Cyclops ku Indonesia mothandizidwa ndi eni dera. Makamerawo adajambula kanyama ka minga ngati nungu, koikira mazira, ka mtundu wa echidna, kamene asayansi ankakadziwira pa chikopa chimodzi chokha cha m'chaka cha 1961. Akatswiri adavomereza zithunzizo, ngakhale idali nthawi imene zithunzi za makina zidali zitafala kale. Chifukwa chake n'chakuti ojambula adali odziwika, malo adali odziwika, ndipo padali chikopa chakale chofananitsira. Mphamvu ya chithunzi imachokera kwa anthu ndi zinthu zoima kumbuyo kwake.

Chachitatu chikukhudza inu ophunzira, amene mukukula m'nthawi imene foni ya m'manja imabweretsa zodabwitsa tsiku ndi tsiku. Mukalandira chithunzi cha chinjoka cha mitu isanu ndi iwiri kapena cha chinsomba cha nkhope ya munthu, musafulumire kutumiza kwa anzanu. Dzifunseni kuti chachokera kwa yani, ndipo chinthucho chili kuti tsopano. Makolo athu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, kutichenjeza za nkhani zongopatsirana. Masiku ano kandimverere wasintha chabe maonekedwe, akubwera ngati chithunzi.

Pomangirira, kufunafuna nyama zosadziwika si uchitsiru, pakuti nkhalango ndi nyanja zikadali ndi zambiri zimene munthu sadazione, ndipo mitundu yatsopano ya zamoyo imalembedwa chaka ndi chaka. Chimene chatha ndi nthawi yopambana mtsutso pongotulutsa chithunzi. Alenje oona adzapirira, adzatchera makamera awo, adzatola ubweya ndi kutunga madzi, podziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma amene chuma chawo chonse chidali mithunzi, ayenera kusankha pakati pa kuphunzira ntchito ya sayansi ndi kuvomera kuti zimene amasimba ndi nthano, ndipo nthano ili ndi ulemu wakewake malinga isadzitche umboni.