Chiphe M'mbale: Nthano za Mia P. Manansala ndi Funso la Wofufuza M'Chinyanja

Pakati pa nthano zaitali zofufuza imfa pali mtundu wina wofatsa. M'nthano zotere munthu amaphedwa ndithu, koma mwazi suonetsedwa. Nkhani imachitikira m'katauni momwe anthu onse ndi odziwana, ndipo wofufuza sakhala wapolisi koma munthu wamba, kawirikawiri wamkazi. Agatha Christie anautchukitsa mtunduwu kupyolera mwa Miss Marple, amene buku lake loyamba linatuluka m'chaka cha 1930. M'nkhani ino tiunika mabuku a Mia P. Manansala, mlembi wa ku America wa mtundu wa Chifilipino, ndi kufunsa ngati luso lakelo lingamere m'Chinyanja, makamaka nkhani itaikidwa pamalo ngati boma la Luangwa.

Buku loyamba, Arsenic and Adobo (2021), limene linapata mphotho ya Agatha, likunena za Lila Macapagal, mtsikana wobwerera kwao ku Shady Palms, tauni yongopeka m'chigawo cha Illinois, kudzathandiza azakhali ake pa lesitilanti yao. Derek Winter, chibwenzi chake chakale amene ankalemba zonyoza chakudya cha pamalopo, akugwa alikudya ndipo akumwalira. Apolisi akuganizira Lila. Tsatanetsatane wa nkhaniyi si wodabwitsa kwenikweni, ndipo wowerenga wozolowera nthano zotere sachita thukuta. Mphamvu ya bukuli ili m'mbale ndi m'maitanidwe.

Adobo ndi nyama yophikidwa m'viniga, soya ndi adyo. Dzinali ndi la Chisipanishi, monga momwe Feira, dzina lakale la Luangwa, lili liwu la Chipwitikizi lotanthauza msika, ndiponso kachasu wathu anachokera ku liwu loti cachaça. Koma mlembiyu sanaike chakudya kuti chingokometsa nkhani. Lila akafuna kufunsa munthu amapita atanyamula chakudya kapena amakhala naye pagome, pakuti wodya nawe savuta kumasuka pakamwa. Motero chakudya chomwe chaika banja lake m'mavuto ndicho chikutsekulanso makomo.

Za maitanidwe tichedwepo pang'ono. Chitagalog chili ndi njira zolemekezera, monga kuchulukitsa mlowam'malo poyankhula ndi wamkulu, zomwe ife timachita posiyanitsa iwe ndi inu. Chingerezi chilibe zimenezi. Manansala, polemba m'Chingerezi, akudalira mawu achibale: Tita Rosie, azakhali, Lola Flor, agogo, ndi amayi atatu a ubatizo otchedwa Ninang, April, Mae ndi June, amene miseche yao ndiyo nkhokwe ya umboni. Amene Lila amayankhula naye mopanda malire ndi mnzake wa pondaapanepondepo, Adeena Awan. Ubwenzi pano ndi chilolezo chofunsa zosafunsika, ndipo popanda chilolezocho nthano yotere siyenda.

Apa ndi pamene pali funso lathu. Poyang'ana pamwamba, boma la Luangwa ndi malo oyenerera bwino: ndi laling'ono, lili pamathiriro a Luangwa mu Zambezi, Zumbo wa ku Mozambique ali kutsidya kwina, Kanyemba wa ku Zimbabwe kwinaku. Amalonda a nsomba zouma amalowa ndi kutuluka, bwato limawolotsa munthu malire pakanthawi kochepa, ndipo Achikunda ndi Ansenga amamvana zinenero. Chakudyanso chilipo, kuyambira nsomba mpaka masau. Komabe mlembi wa Chinyanja atangosamutsira Lila kumeneko, nkhani idzamuthyokera m'manja pa zifukwa ziwiri.

Choyamba, mtsikana wosakwatiwa sangayende m'makomo kufunsa akuluakulu komwe anali usiku wa imfa. Liwu loti inu limaika mpanda umene Chingerezi sichiudziwa, ndipo owerenga adzamuona ngati wamwano osati wochenjera. Chachiwiri nchachikulu. Kwathu kuno munthu akafa atadya pakhomo pa wina, mphekesera sizifunsa za mtundu wa chiphe. Zimathamangira ku ufiti, ndipo woyamba kulozedwa chala amakhala nkhalamba. Lamulo la Zambia lokhudza ufiti, lochokera m'chaka cha 1914, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo silitseka pakamwa pa anamalira. Miseche ya azimayi atatu aja, imene ku Shady Palms ndi yoseketsa, ku Luangwa itha kutenthetsa nyumba ya wina. Ngakhale Manansala mwini anaona kuti imfa siipepuka monga mtundu wa nthanozi umafunira: m'buku lachiwiri, Homicide and Halo-Halo (2022), Lila akuvutika mumtima ndi zimene anaona m'buku loyamba, ndipo kwa ife ili ndilo buku lokhwima mwa awiriwa.

Nanga chilolezo chofunsa chili ndi yani pakati pathu? Chili pamaliro. Mwa Achewa, adzukulu ndiwo amasamala mtembo ndi kukumba manda, ndipo amaloledwa nthabwala ndi mawu amene wina aliyense angalipire nawo mlandu. Mwa Mashona a kutsidya kwa Zambezi ntchito yofananayo ndi ya sahwira, bwenzi la banja limene limatha kuulula poyera zimene abale akubisa. Munthu wotere amaona thupi la malemu, amalowa kumene amayi akuphikira anamalira, amamva zonong'onezana za usiku pa siwa, ndipo akhoza kuseka ndi nyakwawa osapalamula. Julius Chongo, m'nthano zake za pawailesi za Poceza m'Madzulo, anaonetsa kale kuti Chinyanja chimatha kunyamula nthabwala ndi zoopsa m'chiganizo chimodzi. Mpangankhani amene Chinyanja chikumudikira ndi mdzukulu wachikulire, makamaka mayi wogulitsa nsomba padoko, amene ntchito yake yoyamba idzakhala kuchotsa chala choloza agogo asanapeze amene anathira chiphe m'ndiwo.