Mzere wotsiriza wa CV: uphungu wa ntchito ndi Chinyanja cha ku Chiuta

Wophunzira wochokera m'mbali mwa Nyanja ya Chiuta akatsala pang'ono kumaliza koleji, kaya ndi kusukulu ya aphunzitsi ku Cuamba, ku Universidade Rovuma ku Lichinga, kapena kunthambi ya zaulimi ya Universidade Católica, malangizo ofunira ntchito omwe amamva sasiyana kwenikweni. Amauzidwa kalembedwe ka CV, kavalidwe ka tsiku lofunsidwa mafunso, ndi mapepala ofunika pa concurso ya ntchito za boma: requerimento, BI, NUIT, satifiketi, registo criminal, kalata ya kuchipatala, ena mwa iwo atadindidwa kwa notário. Amalimbikitsidwanso kulembetsa ku Instituto Nacional de Emprego, INEP, ndi kufunafuna estágio kuti akhale ndi kolozera akafunsidwa komwe anagwirapo ntchito.

Palibe chopanda pake pamenepa. Mwana wa msodzi amene kwawo palibe analembapo requerimento akhoza kutaya mwayi chifukwa cha chidindo chimodzi chosowa, ndipo womuuza zimenezi nthawi ikadalipo wamuthandiza kwambiri. Chodandaulitsa n'chakuti uphunguwu unasokedwa poyesa thupi la munthu wina: wachinyamata wa mumzinda, wokhala ndi intaneti m'thumba, wofuna ntchito ya mu ofesi momwe aliyense amalankhula Chipwitikizi. Ukafika ku Mecanhelas umathina, ndipo pomwe umathina kwambiri ndi pa nkhani ya chilankhulo.

CV yomwe ophunzira amakoperana ili ndi kachigawo ka zilankhulo chakumapeto. Pamwamba pamakhala Chipwitikizi, kenaka Chingerezi, ngakhale mwini wake atachidziwa cha moni chokha. Chinyanja, Chimakuwa, Chilomwe kapena Chiyao zimabwera pamzere wotsiriza, mwinanso osalembedwa n'komwe, poopa kuoneka wachimidzi. Malangizo a kalembedwe ka CV amangodutsa pamenepa. Chonsecho, mwa zonse zolembedwa papepalalo, mzere umenewu ndiwo ungamusiyanitse mnyamata kapena mtsikana wa ku Chiuta ndi anzake ambirimbiri okhala ndi satifiketi yofanana ndi yake.

Kalembera wa 2017 anapeza kuti anthu pafupifupi 17 okha mwa 100 aliwonse m'Mozambique ndiwo anayamwira Chipwitikizi. Oyamwira Chinyanja anali pafupifupi 8 mwa 100, ndipo Chimakuwa chinaposa zonse. Malamulo aakulu a dziko, mu ndime 10, amati Chipwitikizi ndicho chilankhulo cha boma, koma ndime 9 imalonjeza kutukula zilankhulo za m'dziko. Kumbali ya sukulu lonjezoli silinathere papepala. Kuyambira 1993 mpaka 1997 pulojekiti ya PEBIMO inayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chishangana ku Gaza. Mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'ndondomeko ya boma, mwana kuyamba kuwerenga m'chilankhulo chake ndi kusamukira ku Chipwitikizi pang'onopang'ono. Lamulo 18/2018 linatsimikizira njirayi, ndipo unduna unakonza dongosolo loifalitsa la zaka za 2020 mpaka 2029. Pamenepa boma ladzipangira lokha njala ya anthu odziwa kuwerenga, kulemba ndi kuphunzitsa m'Chinyanja. Koma opereka uphungu wa ntchito akulankhulabe ngati njalayo kulibe.

Sukulu si malo okhawo. Mlangizi wa zaulimi yemwe kampani ya fodya kapena ya thonje imamutumiza kwa alimi a ku Mecanhelas sangafotokoze za kathiridwe ka mankhwala m'Chipwitikizi n'kuyembekeza kuti gogo wamva. Namwino, wowerengera anthu pa kalembera, womasulira kukhoti, woulutsa mawu pa wailesi ya m'dera kapena pa Rádio Moçambique ku Lichinga, yomwe imaulutsa m'Chinyanja, Chiyao ndi Chimakuwa, onsewa amadyera pakamwa. Panyanja penipeni nkhaniyi ndi yoonekeratu. Malire a Malawi ndi Mozambique anadula Chiuta, koma makumba, milamba ndi matemba sadziwa malire. M'zaka za m'ma 1990 asodzi a kutsidya la Malawi anathamangitsa makoka a nkacha pofuna kuteteza nsomba, pomwe kumbali ya Mozambique makoka anapitiriza kuponyedwa, ndipo kusiyanaku kunabala mikangano ya zaka zambiri. Wogwira ntchito ndi makomiti a asodzi pamalo otere ayenera kumva zomwe mfumu, mwini khoka ndi mayi wogula nsomba akunena, ndi zomwe akusiya osanena, kenaka n'kukalemba lipoti m'Chipwitikizi lomwe akuluakulu ku Lichinga angalikhulupirire. Anthu otha zonse ziwiri ndi ochepa. Chimodzimodzi ku Entre Lagos, pomwe njanji yochokera ku Nacala imawolokera ku Nayuchi: ochita malonda a mbali zonse ziwiri amamvana m'Chinyanja, pomwe mapepala awo ali m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi.

Komabe pali mbuna yomwe okonda zilankhulo za makolo amagweramo kawirikawiri, ndiyo kuganiza kuti wobadwira m'chilankhulo ndi katswiri wake kale. Kulankhula Chinyanja pamsika ndi kwina, kuphunzitsa nacho masamu kalasi yachitatu ndi kwina. Ambiri mwa omwe ali m'makoleji lero anaphunzira m'Chipwitikizi chokhachokha kuyambira tsiku loyamba. Chinyanja cholembedwa anachiona m'Baibulo, m'buku la nyimbo, ndi m'mauthenga a pa foni. Ngakhale kalembedwe kake kali pawiri. Zomwe akatswiri a ku Mozambique anagwirizana pamisonkhano yoyambira mu 1988, zomwe zinasindikizidwanso mu 2000 ndi mu 2012, zimalemba "cinthu" ndi "Cinyanja", pomwe mabuku owoloka kuchokera ku Malawi amalemba "chinthu" ndi "Chichewa". Mphunzitsi watsopano wa ku Mecanhelas amakumana ndi zonse ziwiri, ndipo ana amamufunsa cholondola. Uphungu woona ukanamuuza wophunzirayo mosabisa kuti luso ali nalo ndi theka chabe, n'kumulozera komwe angapeze theka linalo. Sukulu za aphunzitsi zili ndi phunziro la zilankhulo za Chibantu ndi njira zophunzitsira m'zilankhulo ziwiri, ndipo Universidade Eduardo Mondlane ili ndi digiri ya kaphunzitsidwe ka zilankhulozi, koma Maputo ndi kutali. Chodabwitsa n'chakuti Zomba, komwe kuli Centre for Language Studies yomwe inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, ili pafupi ndi Chiuta kuposa Lichinga. Zoti dikishonale imeneyi ilipo n'zosamveka m'maphunziro okonzekera ntchito.

Cholakwika chachikulu sichili mwa alangizi eniakewo. Concurso imayendera mapepala, ndipo Chinyanja chilibe pepala. Wophunzira Chingerezi miyezi ingapo amatuluka ndi satifiketi yoika mu envulopu. Wotha kulemba Chinyanja chomveka, kumasulira uthenga wa katemera kapena kuyendetsa msonkhano wa mudzi alibe chosonyeza, koma mawu ake okha. Choncho pogawa malo a ntchito chilankhulo chimasanduka nkhani ya mwayi. Ofufuza za maphunziro a zilankhulo ziwiri m'Mozambique akhala akudandaula za aphunzitsi ophunzitsidwa njirayi omwe amasamutsidwira kusukulu zosaigwiritsa ntchito, ndi za makalasi otsala m'manja mwa osaphunzitsidwa. M'boma ngati la Mecanhelas, momwe Chinyanja, Chimakuwa ndi Chilomwe zimakhalira moyandikana, kutumiza mphunzitsi osafunsa chilankhulo chake n'kuponya mbedza m'thope. Feliciano Chimbutane, m'buku lake la 2011, anaonetsa kuti kulowa kwa zilankhulo za makolo m'kalasi kunayamba kusintha momwe anthu amazionera, mpaka ena kuziwerengera ngati chuma chopezera ntchito. Kusinthako sikunafikebe pa fomu yofunsira ntchito.

Ena angatsutse, ndipo mfundo yawo njolemera. Kholo lomwe linagulitsa mpunga ndi nsomba zouma kulipirira mwana silinatero kuti mwanayo abwerere kudzakhala womasulira wa pamudzi. Likufuna apite ku Nampula kapena ku Nacala, ndipo kumeneko chitseko chimatsekulidwa ndi Chipwitikizi. Kutsidya kwa nyanja, Malawi analengeza mu 2014 kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, zomwe makolo a m'malire anazimva pa wailesi. Komanso malo a ntchito za boma ndi ochepa poyerekeza ndi omaliza maphunziro, kotero kulonjeza wachinyamata kuti Chinyanja chimulemba ntchito kungakhale kumunamiza. Zonsezi n'zoona. Koma palibe akunena kuti Chipwitikizi chichepe. Nkhani ndi yakuti uphungu womwe ulipowu umamutumiza wophunzira wa ku Chiuta kukapikisana ndi ana a mumzinda pa chinthu chomwe iwo anachiyamwira, atasiya kunyumba chomwe iwo alibe.

Ngakhale njira yofalitsira mwayi wa ntchito ili ndi vuto lomweli. Zolengeza zimakhomedwa pakhoma la ofesi kapena kuikidwa pa intaneti, masiku operekera mapepala amakhala owerengeka, ndipo wokhala kugombe la Chiuta nyengo ya mvula, misewu itaduka, amamva nthawi itatha. Biscate, yomwe inayamba mu 2016 kulumikiza amisiri ndi ofuna ntchito zawo kudzera pa foni wamba yopanda intaneti, inaonetsa kuti njira ina ndi yotheka. Wailesi ya m'dera nayo ilipo kale, ndipo imamveka ngakhale m'bwato.

Zina mwa zofunika kukonza sizilira ndalama zambiri. Sukulu ya aphunzitsi ikhoza kuyesa wophunzira kuwerenga, kulemba ndi kuphunzitsa phunziro limodzi m'chilankhulo chake, n'kumupatsa kalata yotchula chilankhulocho ndi dzina. Ofesi ya maphunziro ya boma la Mecanhelas, SDEJT, polengeza malo ikhoza kunena kuti sukulu yakutiyakuti ikufuna wodziwa Chinyanja kapena Chimakuwa. Ndipo wophunzira wopita ku estágio ku sukulu, kuchipatala kapena kwa asodzi akhoza kubwerako ndi zomwe analemba yekha m'zilankhulo zonse ziwiri, monga ndondomeko ya phunziro, uthenga wa pa wailesi kapena malipoti a msonkhano, kuti tsiku lofunsidwa mafunso adzaziyale patebulo pambali pa satifiketi.