Mitala, mowa ndi guwa: buku la a Ross ndi a Fiedler m'manja mwa mphunzitsi wa ku Ngara

Mphunzitsi wa mbiri akafika pa zaka za pakati pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu, 1918 mpaka 1939, maso ake amathamangira kutali. Amafotokoza za pangano la ku Versailles, za Hitler, mwinanso za ku America kumene mowa unaletsedwa kuyambira 1920 mpaka 1933, ndipo mu 1925 mphunzitsi John Scopes anazengedwa mlandu ku Tennessee chifukwa chophunzitsa kuti munthu anachita kusanduka kuchokera ku zamoyo zina. Ana amalemba, mayeso n'kukhoza, koma amatuluka akuganiza kuti kukangana pa za chikhalidwe kunali kwa azungu okha. Buku la a Kenneth R. Ross ndi a Klaus Fiedler, A Malawi Church History 1860–2020, lomwe a Mzuni Press anasindikiza ku Mzuzu mu 2020, lili ndi zokwanira kuchotsa maganizo otere. Kwa wophunzitsa ku Ngara, pakati pa Chilumba ndi Karonga, nkhani zake n'zapakhomo.

Alembi onse awiri aphunzitsa zaka zambiri m'masukulu a ukachenjede kuno kwathu, ndipo zimenezi zikuoneka m'kalembedwe kawo. Bukuli n'lalikulu ndithu, loyenda ndi mipingo yosiyanasiyana kwa zaka 160, koma silitopetsa.

Pamene landigwira mtima ndi pa za Livingstonia. Mishoni ya pa Khondowe inaphunzitsa anthu bwino kwambiri, kenako n'kuzengereza kuwapatsa mpando. Abusa ake oyamba achikuda, a Yesaya Zerenje Mwasi, a Hezekiah Tweya ndi a Jonathan Chirwa, anadzozedwa mu 1914 atadikira zaka. Mpingo wa CCAP unapangidwa mu 1924, a Robert Laws, mtsogoleri wa mishoniyo, anachoka mu 1927, koma funso la yemwe ali mwini guwa linatsala. Mu 1933 a Mwasi anatuluka n'kuyambitsa mpingo wawo, ndipo chaka chotsatira a Charles Chinula anachita chimodzimodzi. Awa sanali anthu okana Yesu. Anali ana a mishoni omwe ankadziwa Baibulo ngati mmene mzungu ankalidziwira, ndiye anatopa ndi kuyesedwa ana.

Nkhani ya mitala ndiyo ingadzutse kalasi yogona. Livingstonia inkati wamitala asiye akazi enawo ngati akufuna ubatizo, ndipo mowa ndi magule ena zinkachotsetsa munthu pa mgonero. Last Church ya a Jordan Msumwa, yomwe inayamba mu 1925, ndi African National Church yomwe inabadwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 m'manja mwa ophunzira akale a mishoni monga a Paddy Nyasulu ndi a Simon Mkandawire, a Levi Mumba akuthandizapo, inatsegulira amitala khomo. Mipingoyi inazika mizu m'dera la Karonga. Ubwino wa alembiwa ndi woti mipingo yotereyi sakuyiona ngati nthambi zothyoka, akuyiwerengera m'mbiri ya Chikhristu cha dziko lino. Mwana wa Fomu 3 angathe kufunsidwa kuti: nanga mayi wachiwiri uja akachotsedwa pa banja kuti bambo abatizidwe, ana ake adya kuti? Funso limeneli lingabale mtsutso woposa wa Scopes, chifukwa ena m'kalasimo ndi zidzukulu za mabanja omwewo.

Chondidandaulitsa n'chakuti mbiri ya mpingo imaona dziko itaima pakhomo la tchalitchi. Kusintha kwa nthawi imeneyo kunadzeranso njira zina. Anyamata ankapita ku migodi ya golide ya ku Lupa ku Tanganyika, ena ku Copperbelt ndi ku Joni, n'kubwera ndi masuti, ndalama ndi mtima wosaopa mfumu kapena mkulu wa mpingo. Malipenga, gule wotengera perete wa asilikali, anafala m'mbali mwa nyanja nkhondo ya 1914 itadutsa ku Karonga. Mu 1933 boma linapatsa mafumu mphamvu zatsopano, ophunzira a m'mabungwe ngati North Nyasa Native Association, lomwe linayamba mu 1912, n'kuona kuti akukankhidwira pambali. Zimenezi mphunzitsi ayenera kuzifunafuna kwina, makamaka m'mabuku a wolemba mbiri John McCracken. Msodzi wa usipa, yemwe ndiye mwini Ngara, mawu ake samveka kwenikweni m'zolembedwa za amishoni, ndiye buku lotsamira pa zolembedwa silingamupeze msanga. Komanso lili m'Chingerezi, pomwe agogo osunga nkhanizi amazikamba m'Chitumbuka ndi m'Chinkhonde.

America nayo siili kutali monga silabasi imaionetsera. Mu 1926 a Daniel Malikebu anabwerako kumeneko kudzatsegulanso mishoni ya a John Chilembwe ku Mbombwe, ndipo chaka chomwecho a Isa Macdonald Lawrence anamangidwa chifukwa cholowetsa m'dziko nyuzipepala ya Marcus Garvey, Negro World. Wophunzitsa za America ayambire pamenepo, bukuli lili pa tebulo, kenako atume ana akafunse akuluakulu a Last Church ya kwawo kuti mpingowo unafika ndi yani.